Khoma la Misomali

1. Kabokosi Kopanda Kanthu

Dzina loti Digiri anamupatsa ndi atelala a m'shopu ya mayi ake. Tsiku limene anabwera ndi pepala lake la ku yunivesite, mmodzi wa iwo anaimitsa makina n'kunena kuti, "Pukutani mpando, Digiri yalowa." Onse anaseka, iyenso anaseka, koma dzinalo linamukanirira. Patatha miyezi isanu, ngakhale mayi ake ankadziiwala n'kumuitana choncho.

Miyezi isanu imeneyo sanaithere kuyendayenda ndi envulopu m'maofesi ngati anzake. Maso ake anali pa sukulu ina yakunja yophunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi, imodzi mwa zija zimene zimasankha anthu ochepa pakati pa zikwizikwi. Chithunzi chake anachiika pa foni: kapinga wometedwa bwino, nyumba yamagalasi, ndi achinyamata atatu oseka ngati sanaphonyepo basi chibadwire.

Fomu yofunsira malo inali ya pa intaneti, masamba khumi ndi awiri. Masamba a magiredi anawadzaza akuimba mluzu. Koma pa tsamba lachisanu ndi chiwiri panali kabokosi kofunsa kuti: *Mwagwirapo ntchito zaka zingati, ndipo kuti?*

Kabokosi kameneko kanakhala kopanda kanthu masiku anayi.

Pansi pake panali timalemba tating'ono: *Ngati mwangomaliza kumene maphunziro ndipo simunalembedwepo ntchito, dinani apa.* Digiri anatiwerenga kamodzi n'kukwinya mphuno. Khomo limenelo linkamuonekera ngati lakuseri, lolowera anthu obweretsa katundu. Iye ankafuna lakumaso.

"Lemba za muno," anatero mayi ake, osakweza mutu pa kolala imene ankasoka. "Unayamba kugwira tepi uli ndi zaka khumi ndi ziwiri."

"Amayi, akufuna ntchito yeniyeni."

Makina atatu anapitiriza kulira. Achinayi, a mayi ake, anakhala chete kanthawi, kenako anayambanso.

2. Chidindo cha Amalume

Amalume ake anali ndi kampani yoitanitsa zipangizo zomangira nyumba. Kampani yonseyo inkakwana m'chipinda chimodzi chapamwamba: matebulo awiri, ketulo, mpando wozungulira ndi chidindo. Chidindocho ndiye chinali wantchito wolimbika kuposa onse.

"Vuto lake ndi lomweli?" anafunsa amalumewo, akudzizunguza pampando. "Mwana wa mlongo wanga, dziko lino limawerenga pepala, siliwerenga munthu. Zaka ziwiri zikukwana, kapena tiike zitatu?"

"Koma nthawi imeneyo ndinali ku yunivesite, amalume."

"Unkaphunzira uku ukugwira ntchito. Akusukuluwo azungulira mutu ndi khama lako."

Mlembi wawo anali atapita kukadya, choncho kalatayo anailemba okha pa kompyuta ndi zala ziwiri. Pofika pamapeto, Digiri anali Manijala wa Zamalonda, woyang'anira anthu asanu ndi atatu, wolimbikira, wokhulupirika. Chidindo chinagwa pansi pake, phwa!

"Nanga akaimba foni kudzafunsa?"

"Aimbe kuchokera kutsidya kwa nyanja, chifukwa cha iwe?" Amalume anaseka mpaka mpando unazungulira wokha.

Madzulo ake, atelala ataweruka, mayi ake anaiona kalatayo patebulo lodulira nsalu. Anaiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira mzere. Atamaliza anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuikulunga.

"Mwana wanga," anatero, "ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ntchito yanga ndi yoyeza anthu. Amabwera muno akuluakulu, ndikangowazunguliza tepi m'chiuno amakoka mimba, osapuma. Ndimawauza kuti bambo, pumani, koma ayi. Ndiye ndimalemba nambala imene akufunayo. Thalauza likasokedwa amalivala tsiku limodzi. Akangoti akhale pansi, batani lija lathawa. Wanamizidwa ndani pamenepo? Ine ayi. Ine tepi yanga ndinapinda kalekale.

"Kalata iyi ndi mimba yokoka. Upirira mphindi zingati usanapume? Anthu akusukulu kumeneko ntchito yawo ndi yoyeza anthu, ngati ine ndemwe. Tsiku lililonse amaona mimba zokoka. Akadzakufunsa za anthu asanu ndi atatu awa, udzati ndani anali wochedwa, ndani anali wamakani? Mpando wozungulira uja sunaukhalepo n'komwe. Lemba kuti sunalembedwepo ntchito. Ukafuna, wonjezapo kuti unakulira m'shopu ya telala. Akakana, akane iweyo, osati munthu wopeka amene ngakhale ine mayi wako sindikumudziwa."

"Amayi, zinthu izi simungazimvetse."

"Mwina," anatero mayi ake, n'kuika tepi m'thumba la epuloni.

M'mawa mwake Digiri analemba *zaka ziwiri* m'kabokosi muja, anaphatikiza kalata ya amalume, n'kutumiza.

3. Khoma

Patatha mwezi uthenga unabwera. Sukulu inkafuna kucheza naye pa kanema, mphindi makumi atatu, Lachisanu nthawi ya teni koloko m'mawa. Linali Lachisanu lomaliza ana asanatsegulire sukulu, tsiku limene m'shopu yosoka mayunifolomu munthu saona nthawi yomeza malovu.

Netiweki yabwino inkapezeka malo amodzi okha: m'chipinda chodulira nsalu, kuseri kwa shopu, pafupi ndi zenera. Chipindacho chinali cha telala wamkulu, bambo wachikulire amene onse ankamutcha a Sizasi, chifukwa sizasi yawo sankabwereketsa ngakhale kwa mwini shopu. Ndipo m'chipindamo, kuseri kwenikweni kwa pamene Digiri akanakhala, munali khoma la misomali.

Khomalo analiyambitsa ndi iye yemwe ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Makolo ambiri sankabwera ndi ana awo kudzayezedwa. Ankabweretsa chingwe chomanga mfundo ziwiri, ina ya chiuno, ina ya kutalika. Zingwezo zinkasokonekera m'madilowa, siketi ya uyu n'kupita kwa uja, ndipo teremu iliyonse pakhomo pankakhala mkangano. Tchuthi china Digiri anatenga hamala n'kukhoma misomali m'mizere isanu ndi umodzi, mzere uliwonse tsiku lake, Lolemba mpaka Loweruka. Pa msomali uliwonse pankapachikidwa chingwe chimodzi ndi kachigamba ka mtundu wa yunifolomu ya sukulu ya mwanayo. Dzina linkalembedwa ndi pensulo pakhoma, pansi pa msomali. Munthu akangolowa ankadziwa zofunika lero, zofunika mawa, ndi nsalu imene yatsala pang'ono kutha. Chiyambireni, mikangano inatha.

Tsopano khomalo linkamuonekera ngati mutu wosapesa. Manijala wa Zamalonda sakhala kutsogolo kwa zingwe.

Anatenga nsalu yoyera yosokera malaya n'kuipachika ndi mapegi kuti iphimbe khoma lonse. Koma nsaluyo inali yopyapyala. Tizigamba tobiriwira ndi tofiira tinkaonekerabe, ndipo zingwe zinkaitukumula. Anayamba kuzichotsa chimodzichimodzi.

"A Digiri, mukutani?" anafunsa a Sizasi ali pachitseko.

"Mphindi makumi atatu basi. Ndizibwezera."

"Zingwezo zili ndi mayina?"

"Ndikuzindandalika patebulo momwe zinalili."

A Sizasi anasuntha magalasi awo pamphuno. "Ndimvereni pang'ono, inu ophunzira. Ine ndadula nsalu zaka makumi anayi. Nsalu ukailemba molakwika ndi choko, umapukuta. Ukaisoka molakwika, umamasula. Koma ukaidula, wadula. Ndiye ndisanatsegule sizasi ndimayamba ndafunsa kuti, chimene ndikuchitachi n'cha choko kapena n'cha sizasi? Inu mukuona ngati lero mukulemba ndi choko. Chingwe chikachoka pa msomali wake ndi chingwe chabe, sichidziwa mwana wake. Mwatiuza tizimitse makina, tizimitsa. Mwandichotsa m'chipinda changa, ndachoka. Koma khomali lisiyeni. Ngati azunguwo kapena kaya ndi ndani akuopa zingwe, adzaopanso inu, chifukwa munakulira pansi pa zingwe zomwezi."

"Ndizikumbukira zonse, a Sizasi. Ndinaliyambitsa ndine."

"Chimenecho ndiye chikundidabwitsa," anatero mkuluyo, n'kutuluka ndi sizasi yake.

Kutatsala mphindi khumi, Digiri anaona kuti laputopu ikusowa pokhala, tebulo lonse ladzaza zingwe. Anayang'ana wotchi. Anakoka beseni pansi pa tebulo n'kukokoloramo zingwe zonse makumi anayi ndi chimodzi ndi dzanja limodzi.

4. Mphindi Makumi Atatu

Teni koloko itakwana, makina onse anayi anakhala chete. Pa laputopu panaoneka mayi wa imvi zometa mwachidule, amene anati ndi pulofesa wa pasukulupo. Ankayankhula Chingerezi chodekha, chosathamanga.

Mafunso oyamba anayenda bwino. Digiri anali atavala jekete yakuda imene mayi ake anamusokera pa tsiku lolandira digiri, ndipo kumbuyo kwake kunali koyera ngati m'chipatala.

"Ndaona kuti mwakhala manijala zaka ziwiri muli pasukulu," anatero pulofesa. "Si zapafupi. Tandiuzani chinthu chimodzi chimene munachipeza chikuyenda molakwika pa ntchito, inu n'kuchisintha."

Digiri anatulutsa mawu amene analoweza. Ananena za masomphenya, za kugwirira ntchito pamodzi, za kuika kasitomala patsogolo.

"Inde. Koma chinthucho chinali chiyani?"

Ananenanso za masomphenya, mawu omwewo atawatembenuza.

"Mwa anthu asanu ndi atatu aja, ndani anakana maganizo anu? Nthawi zonse pamakhala wina wokana."

"Onse anagwirizana nazo."

"Muli ndi mwayi," anatero pulofesa, n'kulemba kanthu kakafupi kwambiri papepala.

Yankho la funso limenelo linali kumbuyo kwa Digiri, pamtunda wa mkono umodzi, litaphimbidwa ndi nsalu. Ngakhale wokana analipo. Chaka chimene khomalo linayamba, a Sizasi anatha teremu yathunthu akubisa zingwe zawo m'thumba la malaya, akuti khoma si dilowa.

Nthawi yomweyo kunja kunamveka mawu a mayi wina, kasitomala wa mawu akulu. "Basi ya mwana wanga ikunyamuka thwelofu koloko! Munati Lachisanu, lero si Lachisanu? Nanga makinawa angoti zii, kwagwa maliro?"

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Mayi ake a Digiri analowa chowerama, pafupifupi chokwawa, kuti kamera isawaone. Anafika pakhoma n'kulowetsa dzanja kuseri kwa nsalu yoyera. Dzanjalo linafufuza, linafufuzanso, n'kupeza misomali yokhayokha.

"Zingwe zili kuti?" ananong'ona.

Digiri, maso ali pa laputopu, milomo ikumwetulirabe, analoza beseni ndi phazi.

Mayi ake analiyang'ana besenilo. Zingwe makumi anayi ndi chimodzi zinali zitapiringizana ngati mizu. Podzidzimuka anaweramuka osadziwa, phewa lawo linakhudza nsalu, pegi imodzi inagwa, ndipo ngodya ya nsaluyo inapendekera pansi. Mizere itatu ya misomali inaonekera, ndi mayina a pensulo pansi pake. Pambali pake panaoneka nkhope ya mayi wovala epuloni, tepi ili m'khosi.

"Pali vuto?" anafunsa pulofesa. "Amenewo ndani?"

Digiri sanachedwe n'komwe. "Palibe vuto. Ndi telala wa chipinda choyandikana nafe. Wasochera chitseko."

Zaka makumi awiri za kusokera aphunzitsi zinali zitawasiyira mayi akewo Chingerezi chokwanira. Anamva mawu onsewo. Anatola pegi ija, anakweza ngodya ya nsalu n'kuipachikanso, ndipo anaikoka pang'ono m'munsi kuti isakhale ndi khwinya. Kenako ananyamula beseni n'kutuluka chowerama monga analowera.

Zimene zinakambidwa mphindi khumi zotsalazo, Digiri sanazikumbukire.

5. Beseni

Atatsegula chitseko anapeza shopu yonse itazungulira beseni. Atelala atatu ankamasula zingwe. A Sizasi ankaziyala pansi mwakachetechete.

Digiri anavula jekete n'kugwada nawo. Mutu wake unali wabwinodi. Anakumbukira kuti chingwe cha ulusi wabuluu n'cha mapasa, cha lamba wa chikwama n'cha mwana wa namwino, chonunkha mafuta a galimoto n'cha mwana wa makanika. Pofika masana anali atabwezera zingwe makumi atatu pa misomali yake. Khumi ndi chimodzi zinatsala, zoyera zonse, zofanana ngati zobadwa tsiku limodzi.

Anaimbira makolo mmodzimmodzi. Ena anabwera ndi ana kudzayezedwanso, akung'ung'udza. Ena sanayankhe. Siketi ya mwana wa basi uja, yemwe anali kale kokwerera basi, anaisoka mongoyerekeza, ndipo inatuluka yaikulu m'chiuno. Mtsikanayo anakwera basi ataimanga ndi mapini awiri.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusoketsa muno," anatero mayi wa mawu akulu uja potuluka. "Teremu ya mawa musandidikire."

Mwini shopu anaperekeza kasitomalayo mpaka pakhomo, akupepesa. Sananene kuti walakwitsa ndani.

Tsiku lonselo Digiri anadikira kukalipiridwa. Anali atakonza kale mayankho. Koma mayi ake anangobwerera pa makina awo. Madzulo anatseka mawindo, anawerenga mapegi, anapinda nsalu yoyera ija n'kuibwezera pashelefu.

"Amayi, zija ndinanena zija..."

"Zimitsani magetsi mukamatuluka," anatero mayi ake.

Chibadwire, anali asanamuyankhulepo ngati mlendo.

A Sizasi anali kupukuta sizasi yawo ndi kansalu ka mafuta. Anadikira mpaka mwini shopu atatuluka.

"Ndinakufunsani m'mawa," anatero. "Cha choko kapena cha sizasi?"

6. Mauthenga Awiri

Masabata atatu anadutsa. Ana anatsegulira sukulu, shopu inapepuka, ndipo Digiri anayamba kufika m'mawa kuposa wina aliyense. Ankasesa, ankasita, ankasongola pensulo ya pakhoma. Mayi ake ankamuthokoza pa chilichonse, mwaulemu, ngati mmene amathokozera munthu wobweretsa ulusi.

Lachiwiri lina m'mawa amalume anaimba foni, mawu ali m'mwamba.

"Mlembi wanga uja ndimuchotsa ntchito! Anthu ako aja anaimba ine kulibe. Amufunsa za Manijala wa Zamalonda, iye akuti, 'Muno tilimo awiri, ine ndi abwana. Wachitatu ndi ketulo.' Munthu wanji wosadziwa kuyankha foni?"

"Musawachotse, amalume. Ananena zoona."

"Zoona zimenezo ndiye zikupititsa kunja?"

Uthenga wa sukulu unafika masana omwewo. Unali waufupi. Unati zimene analemba zokhudza ntchito sizinatsimikizike, choncho pempho lake latsekedwa. Ndime yomaliza inati sukuluyo ili ndi njira ina ya amene angomaliza kumene maphunziro. Kumeneko safunsa zaka za ntchito. Amangofuna kumva chimene munthu anachitapo ndi manja ake, kaya kumunda, kaya kumsika, kaya m'bizinesi ya pabanja. Ya chaka chino inali itatsekedwa sabata yapitayo.

Linali khomo lakuseri lija.

Digiri anakhala pa mpando wa a Sizasi, moyang'anizana ndi khoma. Misomali khumi ndi umodzi inali ndi mayina ofufutidwa n'kulembedwanso. Anachotsa chithunzi cha kapinga pa foni yake. Sanalire.

Foni inanjenjemeranso. Uthenga wachiwiri sunachokere ku ofesi ya sukulu. Unali wa pulofesa yekha.

*Zimene sukulu yagamula sindingazisinthe, ndipo ndikugwirizana nazo. Ndikulemba pa nkhani ina. Nsalu ija itagwa ndinaona khoma la misomali yokhomedwa m'mizere, mayina ali pansi pake. Ine ndimaphunzitsa za kakonzedwe ka ntchito, ndipo khoma limenelo landikhala m'mutu masabata atatu. Ndikufuna kudziwa mmene limagwirira ntchito, ndi amene analiganiza. Ngati telala wa chipinda choyandikana uja angalole, ndikufuna kucheza naye Lachisanu likudzali.*

Digiri anauwerenga katatu. Kenako anaimirira n'kulowa m'shopu, foni ili m'manja.

Makina a mayi ake ankalira pa mpendero wa diresi yabuluu. Anaima pambali pawo monga amaimira makasitomala, kudikira kuti mzere ufike kumapeto. Atelala ena aja anachepetsa liwiro. A Sizasi anasuzumira pachitseko.

Mzere unatha. Mayi ake anadula ulusi, anatembenuza diresi, anayang'ana msoko wake kunja ndi mkati. Pamenepo m'pamene anakweza maso.

"Inde?" anatero. "Telala woyandikana nanu akuthandizeni chiyani?"